Timadontho Tiwiri Tofiira

1. Akuberani silinda

Dzina loti Changu adamupatsa ndi agogo ake aamuna, ndipo sadalakwitse. Mtsikanayu ukamutuma sipanala, ankabwera nayo iwe usanamalize kutchula nambala yake. Kungoti nthawi zina inkakhala sipanala ina.

Changu ankaphunzira kusukulu yogonera komweko. Patchuthi chimenecho amayi ake adamulola kuti azikathandiza kugalaja ya banja lawo. Galajayo adaiyambitsa ndi Agogo kalekale, koma tsopano ankaiyendetsa ndi Amalume, mwana wawo wamwamuna. Idali nyumba yaitali ya malata, pakati pali dzenje lokonzera magalimoto, kukhoma kuli tebulo lachitsulo. Pansi pa tebulopo pankakhala bokosi lobiriwira la zida za Agogo, ndipo palibe ankalikhudza osapempha.

Agogo makutu adali nawo. Galimoto ikamadutsa kumsewu ankatha kunena kuti, "Iyo ikudwala pakutipakuti." Koma maso adali atayamba kuchita nkhungu, manja nawo ankanjenjemera. Masiku apitawo adaiwala kumanga nati yotsekera oyilo, galimoto ya munthu n'kukafera panjira. Tsiku limenelo Amalume adalankhula Changu akumva.

"Bambo, sindikukuthamangitsani ayi. Koma zikachitikanso, bokosi lanu lipita kunyumba, inu muzikapuma. Tisadikire kuti munthu adzavulale."

Agogo adangopitiriza kupukuta zida zawo. Aliyense pabanjapo ankadziwa kuti kuwachotsa patebulo paja kudali kuwaika m'manda akadali moyo.

M'mawa wina mudalowa kagalimoto koyera, kakufuka utsi kumbuyo. Mwini wake adali mayi wopikulitsa mazira m'magolosale, amene pagalajapo ankangowatchula kuti Mayi Mazira. Mayi amenewa pakamwa pawo padalibe buleki.

"Madala, kagalimoto kangaka kayamba kusuta fodya," adatero akutsika. "Oyilo kakumwa kuposa petulo. Chitani msanga, nkhuku sizidikira makaniko."

Changu adali atatsegula kale boneti. Adawerenga mapulagi, n'kuwerenganso, kenaka adatong'ola maso.

"Mayi, akuberani! Silinda imodzi palibe. Atsala atatu okha!"

Mayi Mazira adagwira pamtima. Agogo adaseka mpaka kutsokomola.

"Palibe wakuberani, mayi. Injiniyi idabadwa choncho. Iwe Changu, katenge tcheni tiitsitse, uone ndi maso ako."

2. Kachitsulo kaulesi

Injini itakwera patebulo, Agogo adaitsegula pang'onopang'ono. Adaonetsa Changu mapisitoni atatu, ndi shafuti yaikulu yokhotakhota imene mapisitoniwo amaizunguza, imene amakaniko amati kilanki. Kenaka adapukuta manja, n'kukhala pachitini. Changu adadziwa kuti sukulu yayamba.

"Tamvera, mdzukulu wanga. Pisitoni ikamakwera imafuna kunyamula injini yonse. Ikamatsika imafuna kuigwetsa. Ndiye wopanga injini amakhala ndi mlandu umodzi waukulu: kuyanjanitsa mapisitoni, kuti wina akakokera uku, mnzake akokere uko. Injini ya masilinda anayi, awiri am'mphepete amakwera limodzi pamene awiri apakati akutsika. Ameneyo ndi munthu wonyamula ndowa ziwiri, ina dzanja ili, ina dzanja ilo. Sapendekeka. Ya masilinda asanu ndi limodzi pamzere ndiye yofatsa koposa, chifukwa atatu akutsogolo chimene achita, atatu akumbuyo achitanso chomwecho. Palinso ina yogona chafufumimba. Mapisitoni ake amatulukira mbali ziwiri nthawi imodzi, n'kubwereranso nthawi imodzi, ngati ukuwomba m'manja. Imeneyonso sivuta."

"Nanga iyi ya atatu?"

"Apo ndiye pali nkhani. Atatu, kapena asanu, wina amasowa mnzake. Wakutsogolo akamakwera, wakumbuyo sali naye limodzi, wapakati nayenso ali ndi ulendo wake. Ndiye injini imagwedeza mutu, kutsogolo kukadzuka kumbuyo kwatsika, monga thabwa lija mumaseweretsa ana, uyu akakwera uyo ali pansi."

Adaloza kachitsulo kakatali ngati mkono wa mwana, kogona pambali pa kilanki. Kadali ndi zotupa ziwiri zolemera, china kutsogolo choyang'ana kumwamba, china kumbuyo choyang'ana pansi.

"Iyi ndi shafuti ya balansi."

"Imayendetsa chiyani?"

"Palibe. Siyendetsa matayala, siyatsa magetsi."

"Ndiye ndi kachitsulo kaulesi," adatero Changu.

"Ulesi wake ndi umene umapulumutsa mazira a mayi aja. Imazungulira liwiro lofanana ndi kilanki, koma chobwerera. Mutu wa injini ukafuna kudzuka, chotupa ichi chimaukokera pansi. Kumbuyo kukafuna kutsika, chinachi chimakukweza. Ntchito yake ndi kuleretsa ndewu basi. Koma iyenera kukumana ndi kilanki pa dzino lake lenileni. Ukaisemphanitsa, woleretsa ndewu uja amayamba kumenya nawo."

Kumapeto kwa kilanki kudali giya, kumapeto kwa shafuti ya balansi kudalinso giya, mano awo atalumana. Agogo adatsegula bokosi lobiriwira n'kutulutsa kabotolo ka utoto wofiira wopaka m'zikhadabo.

Changu adaseka chikhakhali. "Agogo! Mwayamba liti?"

"Seka, atsikana a m'sitolo nawonso amandiseka ndikamagula. Amati ndikunyengerera ndani ukalamba uno. Koma utoto uwu sufufutika ndi oyilo."

Adaika kadontho pa dzino la giya iyi, kenanso pa giya inayo, pomwe mano adalumana. Dzanja linkanjenjemera, choncho timadontho tidatuluka ndi michira ngati mbululu. Agogo adatiyang'ana, n'kupukusa mutu. Utoto utauma adamasula magiya onse awiri n'kuwaika m'beseni.

"Kawatsuke kuseri. Utsuke ndi parafini basi, osati china chilichonse. Timadontho timeneti ndiwo maso anga. Pomanga ndidzangotsata pamene tili. Ukakayikira kanthu ubwere undifunse, ndilipo, sindikupita kulikonse. Safunsa adadya phula. Ndipo chitini chija cha thina usachiyandikire, chifukwa thina ndi utoto..."

Mawu omalizawo adagwera pansi. Changu adali atatuluka kale ndi beseni lake.

3. Kuseri kwa galaja

Kuseri kudali mpopi, mulu wa matayala akale ndi shelefu ya zitini. Changu adathira parafini m'beseni n'kuyamba kukwecha ndi bulashi. Oyilo wakaleyo adali atauma gwa m'kati mwa mano. Ankachoka, koma mwaulesi, ndipo ulesi ndi chinthu chimene Changu sankagwirizana nacho.

Maso ake adagwera pa chitini cha thina, amene Amalume ankasungunulira penti. Adadonthezera pang'ono pansanza n'kuyesa pa dzino limodzi. Dzinolo lidawala nthawi yomweyo. Adathira wambiri.

Posakhalitsa magiya adali mbee, ngati angotuluka m'sitolo. Changu adawakweza padzuwa akumwetulira. Adatembenuza giya yoyamba, n'kuitembenuzanso. Adatenga yachiwiri. Kumwetulira kuja kudathera panjira. Mbululu za Agogo padalibe. Chofiira chokha chimene chidatsala chidali kachizimezime pansanza.

Adanyamula beseni kuti akanene. Kunena zoona, adayambadi kuyenda. Atafika pakona adamva mawu a Agogo mkati, akucheza ndi Amalume.

"Mwana uyu sauzidwa kawiri. Ine ndaphunzitsapo anyamata ambiri, koma mutu ngati wa ameneyu sindinauone. Ukadzatopa iwe, galaja ino adzaigwira ndi iyeyu."

"Mumamukonda mopitirira, Bambo," adayankha Amalume akuseka.

Changu adaima. Alowe bwanji tsopano, pakati pa matamando otere, n'kunena kuti ntchito yotsuka chabe yamukanika? Manyazi adamugwira miyendo, ndipo adabwerera kumpopi.

Manyazi ndi mlangizi woipa. Amakuuza kuti ubise kabala kakang'ono, osakuuza kuti kadzasanduka chilonda.

Patapita kanthawi, lole ina idaima kumsewu ikulira modabwitsa, Agogo ndi Amalume n'kutuluka kukaimvera. Changu adalowa monyang'ama. Adatsegula bokosi lobiriwira, lija losakhudzidwa osapempha, natenga kabotolo. Adayesa kukumbukira pamene padali timadontho. Mano onse ankafanana. Adasankha dzino limene mtima wake udakonda, n'kuika kadontho. Adateronso pa giya inayo.

Dzanja lake lidali la mwana, losanjenjemera. Timadontho tidatuluka tozungulira bwino, topanda mchira.

Madzulo ake Agogo adayamba kumanga injini. Adatenga magiya aja, kuwayandikiza kumaso, n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Changu mtima udali m'mwamba. Koma Agogo adangomwetulira, adalumanitsa kadontho ndi kadontho, n'kuyamba kuimba kanyimbo chapansipansi. Madzulo amenewo adali osangalala kuposa masiku onse.

"Watsuka bwino, Changu," adatero.

"Zikomo, Agogo," adayankha, maso ali pansi.

4. Tambula ya madzi

Agogo adali ndi lamulo lawo. Galimoto iliyonse imene aimasula injini, isanatuluke ankaika tambula ya madzi pamwamba pa injiniyo ikulira. Madzi akangochita timizere pamwamba, galimoto ipite. Akatayika, ntchito sinathe.

Tsiku loliza injini Mayi Mazira adafika ndi mathileyi a mazira pa njinga yobwereka, okonzeka kupakira. Agogo adadzaza tambula pampopi, adaikhazika pamalo pake, n'kuuza Amalume kuti alize.

Injini idalira. Utsi padalibe, ndipo Mayi Mazira adawomba m'manja. Koma Agogo adali atapendeketsa kale mutu, khutu lili tcheru.

Madzi m'tambula adayamba kuvina. Amalume ataponda moto pang'ono, chiwongolero chidayamba kunjenjemera m'manja mwawo, magalasi am'mbali ali gwedegwede, boneti ikulira ngati denga pamphepo. Madzi adakhavukira pa injini. Tambula idayenda yokha mpaka m'mphepete, idagwa pansi, phwa!

Amalume adazimitsa injini.

"Ichi ndiye chiyani?" adayamba Mayi Mazira. "Ndinabweretsa galimoto yosuta, mukundibwezera ya malungo? Mazira anga akakwera umu akafika atakazingika kale! Anthu anandiuza ine kuti madalawa maso adatha, ine n'kumati ayi, galu wamkota sakandira pachabe. Lero ndaona."

Amalume adatsika pang'onopang'ono. Sadakweze mawu, ndipo kukadakhala bwino akadakuwa.

"Bambo, ndi balansi imeneyi. Yasemphana."

"Ndamva," adayankha Agogo.

"Anamanga ndani?"

Changu adali ataima pafupi ndi tebulo, atagwira nsanza. Adayang'ana Mayi Mazira, adayang'ana Amalume, kenaka adayang'ana zidutswa za tambula.

"Ndamanga ndine," adatero Agogo. "Timadontho ndinaika ndekha, kulumanitsa ndalumanitsa ndekha. Mwanayu anangotsuka. Mayi, pepani. Mwana wanga wamwamunayu akukonzerani, iyeyu maso ali nawo."

Adavula ovolosi yawo, kuipinda bwinobwino, n'kuiika patebulo. Adawerama kuti akoke bokosi lobiriwira, koma lidawalemera.

"Bambo, sindinati lero lomwe," adatero Amalume.

"Unanena, ndipo unanena zoona. Tisadikire kuti munthu avulale. Changu, ndinyamulire bokosili."

Changu adalinyamula. Adadutsa pamadzi otayika aja, adadutsa pamaso pa Amalume, osatsegula pakamwa. Manyazi amene adamva potuluka pachipata adali aakulu kuposa aja a kumpopi, koma adatulukabe.

5. Pamalo odikirira basi

Adayenda m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo, Agogo patsogolo, Changu pambuyo. Adadutsa wowotcherera zitsulo, amene adakweza chigalasi chake chakumaso n'kufunsa kuti, "Madala, mwaweruka msanga bwanji lero?" Agogo adangokweza dzanja.

Bokosi lidali lolemera. Atafika pamalo odikirira basi, Agogo adati apume. Adakhala pabenchi, bokosi lili pakati pawo.

Agogo adalitsegula, adatulutsa kabotolo kofiira kaja n'kumupatsa Changu.

"Tenga. Ine kandithera ntchito. Kaya uzipaka m'zikhadabo, kaya pamagiya, uona wekha."

"Agogo, ayi..."

"Tenga, iwe. Ndipo undikhululukire. Ndimakuphunzitsa ngati munthu wodziwa, chonsecho ndakuchititsa manyazi pamaso pa anthu." Adaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ukudziwa chimene chikundipweteka? Si mawu a mayi aja ayi. Tsiku lija pomanga, nditayang'ana timadontho tija, ndinationa tozungulira bwino, topanda mchira. Poika ndinkaona ngati ndapaka mbululu. Ndiye ndinati mumtima, kani dzanja langali likuchira! Ndinasangalala ngati mwana. Mpaka kunyumba ndinakagwira singano kuti ndiyese kulowetsa ulusi. Ukalamba ndi wachipongwe, mdzukulu wanga. Umakunamiza kaye usanakugwetse."

Apa Changu sadathenso. Misozi idatsika, kabotolo kali m'manja.

"Agogo, timadontho tija si tanu."

"Wati bwanji?"

"Ndinatsuka ndi thina. Tanu tinafufutika. Ndinatsegula bokosi lanu, ndinaika tina mongoganizira. Ndinamva mukundiyamikira kwa Amalume, ndiye ndinachita manyazi kunena."

Basi idafika, idaima, kondakitala adaitana, idapita. Agogo sadaiyang'ane n'komwe. Kenaka adatambasula manja awo pamaondo, n'kumawayang'ana akunjenjemera.

"Ndiye kuti dzanjali silinachire," adatero chapansipansi.

Changu akadakonda kumenyedwa mbama kusiyana ndi kumva mawu amenewo. Adagwada pansi pafumbi, anthu odutsa akumuyang'ana.

"Dzuka, ukhale apa," adatero Agogo. "Pukuta m'maso, chifukwa ndikufuna umve ndi makutu onse awiri. Kufufuta timadontho si mlandu. Makaniko aliyense amafufuta kanthu tsiku lina. Ukadabwera n'kunena kuti Agogo ndalakwitsa, ndikadakukoka khutu, tikadaseka, basi. Pamagiya paja opanga adakhomapo timabowo ting'onoting'ono tosonyeza pokumanira. Ine sinditiona, n'chifukwa chake ndimapaka utoto. Iwe ukadationa. Mlandu wako ndi woti udapaka tina. Kadontho ndi mawu amene makaniko amasiyira mnzake, kumuuza kuti khulupirira apa. Iwe unatenga mawu amenewo n'kundinamiza nawo. Ndipo tamvera: munthu ungamunamize, chitsulo sungachinamize. Chitsulo sichidziwa kuti Changu ndi mwana wabwino, sichidziwa kuti anachita manyazi. Chimangochita zimene wachiuza, pamaso pa aliyense. Lero yasweka ndi tambula. Ukazolowera, mawa adzakhala mabuleki a basi ngati yapitayi, mkati muli ana a anthu. Pantchito ino manyazi ululu wake umakagwera munthu wina amene sadalakwe."

"Ndamva, Agogo. Pepani."

"Kwa ine wapepesa, ndalandira. Koma madzi sanatayikire pano. Anatayikira m'galaja, anthu akuona. Ine sindikakunenera. Ukafuna, tipitirize ulendo wakunyumba, nkhaniyi ithere pabenchi pano, ndipo sindidzaitchulanso. Ukafuna, tibwerere. Bokosi wanyamula ndiwe."

Changu adayang'ana njira yakunyumba. Idali yaifupi, ya mthunzi. Adapukuta m'maso ndi mkono, adanyamula bokosi, n'kutembenukira kumene adachokera.

6. Maso a ndani?

Adapeza Amalume atakhala pachitini cha Agogo, manja ali kumutu. Mayi Mazira adali pafoni, akupepesa eni magolosale mokuwa. Ataona awiriwo akulowa, adadula foni.

Changu adaika bokosi pansi. Adalankhula mawu omveka. Adanena za thina, za kabotolo, za dzino losankha mongoganizira. Adanenanso kuti pamene Amalume ankafunsa kuti anamanga ndani, iye ankadziwa zonse koma adakhala chete.

"Ha!" adatero Mayi Mazira, manja ali m'chiuno. "Nkhuyu zodya mwana zapota akulu! Ndipo ine pakamwa pangapa padzandiphetsa. Madala, mawu aja ndawameza, pepani. Koma iwe kamtsikana, unaima apo ngati chipilala agogo ako akuvula ovolosi? Ukadakhala wanga, bwenzi lero ukugona chafufumimba ngati injini ija madalawa amakonda kuitchula."

Palibe adaseka. Changu adangowerama.

Amalume adadzuka. Sadamuyang'ane Changu n'komwe, ndipo zimenezo zidamupweteka koposa. Adanyamula bokosi lobiriwira n'kulibwezera pansi pa tebulo. Adatenga ovolosi ija, naipereka kwa Agogo ndi manja awiri.

"Bambo, ndakulakwirani."

"Tiyeni titsitse injini," adatero Agogo. "Nkhuku sizidikira makaniko."

Ntchito yonse ija idayambiranso. Amalume adamupatsa Changu zonse zonyansa: kukhetsa oyilo, kukwecha pansi, kutola zidutswa za tambula chimodzichimodzi. Sadadandaule. Magiya atatuluka, Agogo adamupatsa tochi.

"Fufuza kabowo kakang'ono ngati kobaya ndi singano. Usathamange."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Changu sadathamange. Adayenda dzino ndi dzino mpaka adakapeza, pa giya iyi ndi pa inayo. Kadontho kake kofiira ka pa shafuti ya balansi kadali kutali, pafupifupi mbali inayo ya giya. Adakafufuta yekha ndi thina yemwe uja, ndipo Agogo adamuuza kuti aitane Amalume adzaone kabowoko asanapake utoto wina.

Mawa lake masana injini idali itabwerera m'malo mwake. Agogo adatenga tambula ina, kuidzaza, n'kuikhazika pamwamba. Amalume adaliza. Onse adazungulira boneti, Mayi Mazira atatseka diso limodzi.

Madzi adangochita timizere tating'ono pamwamba. Amalume adaponda moto, madzi ali phee. Masilinda atatu aja ankayenda mwamtendere, kachitsulo kaulesi kakugwira ntchito yake kosaoneka.

"Eya, kachira malungo!" adafuula Mayi Mazira, n'kuthamangira mathileyi awo.

Changu adapumira m'mwamba. Ankaganiza kuti mlandu watha. Koma Amalume adatsika m'galimoto injini ikadalira, n'kuima pamaso pa Agogo. Nkhope yawo idali ya munthu amene sadagone bwino.

"Bambo, ndapepesa, ndipo ndikupepesanso. Kulakwa sikunali kwanu. Koma pali chimodzi chikundisowetsa mtendere. Timadontho ta mwana munatitenga ngati tanu. Munatiyandikiza kumaso, osazindikira. Bokosi likhale, ine sindilichotsanso. Koma simumanganso injini nokha, pambali panu pazikhala maso. Panopa alipo a Changu." Apa adamuyang'ana mtsikanayo koyamba chichokereni dzulo. "Nanga sukulu ikatsegulira, maso amenewo adzakhala a ndani?"

Changu adazindikira kuti chimene adaulula chidachotsa mlandu pa Agogo, koma chimene adachita kumpopi chidaonetsa poyera zimene Agogo ankabisa. Zimenezo thina sakadazifufuta.

Agogo adatambasula dzanja n'kuchotsa tambula pa injini. Madzi amene adali phee pamwamba pa chitsulo cholira adayamba kuvina m'dzanja mwawo, mpaka kukhavukira pazala. Changu adafulumira, adaika dzanja lake pansi pa tambulayo, ndipo madzi adadekha.

Adakali chigwirire choncho, adaona amayi ake akuwoloka msewu kulunjika pachipata cha galaja, atanyamula yunifolomu yake yasukulu yongochoka kwa telala.